A Sikelo a ku Area 4, woyeza ana a eni

Pa pepala la mwambo wa maliro a Yobe Kamtedza, tsamba lachiwiri, pansi pa chithunzi chimene avala tayi, alemba kuti malemuwa anatsegulira ana ambiri chitseko cha ku yunivesite. Pepalalo ndili nalo. Ndaliika m'faelo imodzi ndi ena onse okhudza munthu ameneyu, ndipo chiwaikire m'manda ndakhala ndikulitsegula ndi kulitseka mpaka adzukulu anga ayamba kunong'onezana ngati agogo ali bwino. Ndili bwino. Chondisowetsa mtendere ndi bodza losindikiza ndi makina. Bodza la pakamwa limapita ndi mphepo, koma la pa pepala limakhala, ndipo mawa mwana wina adzaliwerenga n'kuliyesa mbiri.

Amati wakufa sanenedwa. Ine ndinawanena ali moyo, pakhonde pawo pomwe, iwo akumva. Choncho palibe chimene ndikuwachitira kumbali.

Mumzinda muno ndi ochepa ankadziwa dzina la Kamtedza. Onse ankati a Sikelo. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, kamsewu ka kwawo ku Area 4 kankadzaza galimoto ndi njinga, makolo atakhala pabenchi ngati pa chipatala, aliyense ndi mwana wake ndi kapepala ka zotsatira. Funso linali limodzi: kodi ndi mapointi awa mwanayu angatengedwe ku yunivesite ya boma? Masiku amenewo yunivesite inali imodzi, malo ochepa. Mwana ankawerengeredwa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Wa mapointi khumi ndi angapo ankagona tulo. Wopitirira makumi atatu ankafunika munthu womuuza zoona msanga, kuti abwereze kalasi kapena agwire mwayi wina usanadutse. A Sikelo sanali munthu ameneyo.

Ankakhala pa mpando wa ndalema, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala, cholembera chobiriwira chili m'thumba la malaya. Akalandira kapepala sankathamangira kuwerenga. Ankakaika pachikhatho n'kumakakweza ndi kukatsitsa, monga amachitira amayi poyesa kulemera kwa nkhuku pamsika. Dzina lija linachokera pamenepo. Anthu ankayang'ana dzanjalo mpweya uli m'mwamba, n'chifukwa chake sankaona kumene kunali maso. Ine ndinkaona. Maso anali pa nsapato za kholo, kenako ankadumpha mpanda kukaona chimene chaima pamsewu. Wobwera pa galimoto sanamvepo kuti ayi. Wobwera wapansi, fumbi la ku Old Town lili m'miyendo, sanamvepo kuti inde.

Ankakonda kunena kuti mapointi ali ngati mtengo wa usipa, amatsika ngati wogula akudziwa kunenerera. Ankatinso aphunzitsi amadziwa choko basi, koma zam'kati amazidziwa ndi iwo. Ndalama sankatchula, ndipo pamenepo sindiwanamizira. Nkhuku ndi mapaketi a shuga zinkalowera kukhitchini zokha. Chakudya chawo chenicheni chinali china: kuona bwana wa m'boma, munthu wosainira zinthu zazikulu, atakhala pabenchi yawo yotsika, chipewa chili pabondo, akuti, "Mutithandize, bambo."

Kumene anatenga ukatswiriwo ndikukudziwa, chifukwa ndinali nawo. Ku Zomba tinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi chosungira mafaelo mu ofesi ina ya boma. Yawo inali yotsegula maenvulopu ndi kudinda tsiku. Ndi ntchito yabwino, inenso ndinaigwirapo. Likulu litayamba kusamukira kuno tinakwera lole imodzi, titakhala pamwamba pa makabati omangidwa ndi zingwe. Tisanafike pa Ntcheu anali akuuza anzathu kuti makalata a ana opita ku yunivesite ankadutsa m'manja mwawo. Pa Dedza anali atayamba kuwawerenga. Powoloka mlatho wa Lilongwe anali atakhalapo kale m'chipinda chosankhira maina, ndipo akuluakulu ankawafunsa nzeru.

Msamuko unali wokomera anthu otere. City Centre inali nyumba zoyera zingapo zotalikirana pakati pa udzu ndi fumbi lofiira, misewu yatsopano yolowera kumene kunalibe munthu. Aliyense anali mlendo. Amene ankakudziwa unawasiya ku Zomba, ndipo mbiri yako inali imene wanena wekha. Atapuma ntchito a Kamtedza anangokhala pakhonde, n'kuyamba kuyeza.

Maina a osankhidwa akatuluka m'nyuzipepala ankatenga cholembera chija n'kuchonga mwana aliyense amene anapondapo pakhomo pawo. Sabata lotsatira ankaimirira m'tchalitchi kuyamika Mulungu chifukwa cha "ana anga". Chaka china anayamikira mwana wa telala wa pakhonde la sitolo ku Old Town, amene iwo omwe anauza bambo ake kuti yunivesite si ya aliyense, amuphunzitse kupalasa makina. Mwanayo anali ndi mapointi abwino kwambiri, ndipo aphunzitsi ake ndiwo anaumirira kuti fomu ipite. Telalayo anali m'tchalitchimo, akungoyang'ana pansi. Za ana amene sanatuluke m'nyuzipepala, cholembera chobiriwira sichinkadziwapo kanthu.

Mmodzi wa ana amenewo ndi Tiwonge, ndipo ndi chifukwa cha iyeyu ndatenga cholembera.

Bambo ake, a Munthali, anali a ku Rumphi, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo mnzathu. Anali ndi udindo waukulu mu unduna wina ndipo boma linawapatsa nyumba ku Area 10, ya mpanda ndi mlonda. Mkazi wawo, mayi Naphiri, anali Mchewa wa mudzi wina kuseri kwa Nathenje. Pokwatira, a Munthali anatsata mwambo wa kwawo: analowola, ndipo akuchikazi anavomera kuti ana adzakhala a kwa bambo, ngakhale kwathu kuno mwana ndi wa kwa amayi ake ndipo mwini wake ndi atsibweni. Tiwonge anali woyamba kubadwa. Sanali mbuli. Anali mwana wapakatikati, wofatsa ndi ana aang'ono, ndipo Sande sukulu yathu inkayenda ndi iye. Anapeza mapointi 33. Panthawi yomweyo anali ataitanidwa ku koleji ya aphunzitsi a pulaimale, ndipo kalata inatchula tsiku loti akafike, apo ayi malowo apatsidwa wina.

Inali nthawi imene malo a ku yunivesite anayamba kugawidwa potengera boma limene mwana akuchokera. Ubwino kapena kuipa kwa dongosololo si nkhani yanga lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwa a Sikelo linali ngati mvula yoyamba kwa ngumbi. Tsopano sankayeza mapointi okha, ankayezanso midzi.

A Munthali anadzanditenga kwathu ku Area 14 kuti ndiwaperekeze. Ndinawauza m'galimoto kuti kumene tikupitako kulibe nzeru yoposa imene ali nayo kale. Anati kumva chabe sikupha munthu. Anzawo onse a pa ofesi anali ndi ana ku yunivesite, ndipo m'mawa uliwonse wina ankafunsa kuti mtsikana wathu zikuyenda bwanji.

A Sikelo anaona galimoto yoyera, anakonza tayi. Kapepala kanakwera, kanatsika.

"Bodalaini, bwana. Koma chansi ilipo."

"Aphunzitsi ake akuti n'zovuta," anatero a Munthali.

"Aphunzitsi. Mwanayu kwawo n'kuti?"

"Kwathu ndi ku Rumphi."

"Ndafunsa kwawo kwa mwana, osati kwanu. Amayi ake si a konkuno? Kumpoto kwanuko ana amabadwa ndi pensulo m'manja, 33 kumeneko ndi mchira wa mbewa. Koma kwathu kuno anyamata ali kudambwe, atsikana ali pamtondo. Mwana wa 33 akalembedwa kuti ndi wa ku Lilongwe, alowa akuimba likhweru."

"Ndinalowola, a Kamtedza. Ana ndi a kwa Munthali."

"Ng'ombe sizilowa m'kalasi, bwana."

Tiwonge anali atagwada pambali pa benchi. Analankhula motsitsa, akuyang'ana bambo ake okha. "Adada, ine za uphunzitsi ndimazifuna. Ndingopita kukoleji kuja."

A Sikelo anaseka mpaka mpando unalira. "Mwana wa ku Area 10 akaimbitse a-e-i-o-u pansi pa mtengo? Mlonda wanu adzakuonani bwanji, bwana? Ndiponso ndikuuzeni zam'kati: dzina likapezeka kuti lili kale kwa aphunzitsi, osankha amalidula. Amati uyu wadya kale. Kalata imeneyo muiiwale."

Apa ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Lamulo limenelo lili pa pepala liti? Tionetseni. Mwanayu apite kukoleji, fomu ya ku yunivesite ipitenso. Akatengedwa adzachokera komweko. Mbalame ili m'manja mukuti aitaye chifukwa cha mawu anu okha?"

"A Mbewe," anatero, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, "inu mudzafa ndi mapepala. Zinthu zenizeni sizilembedwa."

Anaonjezanso kuti dzina la Munthali lidzamuulula mwana ngakhale atalemba mudzi wa amayi ake, ndipo la Tiwonge nalonso likununkha kumpoto. Pafunika kalata ya amfumu a kwa amayi ake, ndi kulumbira pamaso pa woweruza kuti dzina lake lenileni ndi Thokozani Phiri. Anaperekeza a Munthali mpaka pagalimoto, anawatsegulira chitseko. Ine sananditsanzike.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu ngati a Munthali, wobweza kalata ya boma chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika, anameza bwanji zimenezi. Yankho silovuta. Aphunzitsi anawauza zoona, ine ndinawauza zoona, mwana wawo yemwe anawauza zoona. Munthu mmodzi yekha mumzinda wonse ndiye anati chansi ilipo, ndipo kholo limamva ameneyo.

Kalata ya amfumu siituluka popanda mwini mbumba. Choncho Loweruka lina tinapita kumudzi kwa mayi Naphiri kukaonana ndi mchimwene wawo, a Jailosi Phiri. Ndinapita nawo chifukwa munthu sapita yekha kuchikazi ndi nkhani yolemera. Tinawapeza akukonza gudumu la ngolo. Sanafulumire kusamba m'manja.

"Alamu, galimoto mpaka pakhomo? Kwagwanji?"

A Munthali anafotokoza, mawu akutuluka limodzilimodzi. A Jailosi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaitana akazi awo kuti adzamve nawo.

"Paja tsiku lija abale anu ananena kuti ana onse ndi a kumpoto, ngakhale manda awo. Ife tinati chabwino, mwambo ndi wanu. Lero mukuti boma limve kuti mwana ndi wathu. Ndiye ng'ombe zija tibweze? Zinafa kalekale, alamu, yomaliza tinadyera pa maliro a amayi."

"N'za pa pepala chabe, alamu."

"Za pa pepala n'za inu a m'tauni. Kuno mwana salowa m'mbumba ndi mwendo umodzi. Ndikakaima pamaso pa amfumu n'kunena kuti uyu ndi wanga, ndiye kuti ndi wanga. Akadzapeza mwamuna, wodzafunsidwa ndine, osati inu. Mwavomera?"

A Munthali anali pa kampando kotsika, mawondo ali m'mwamba, suti yawo itachita fumbi. Munthu amene amesenjala ankamuimirira akamadutsa. Anavula chipewa.

"Ndavomera."

Tiwonge analumbira sabata yotsatira. Tsiku lofika kukoleji ya aphunzitsi linakwana, linadutsa, iye ali pakhomo akuthirira maluwa.

Maina a osankhidwa ankawerengedwanso pa wailesi. Masana amenewo tinali m'chipinda chochezera ku Area 10, mayi Naphiri atagwira dzanja la mwana wawo. Wowerenga anatchula a Phiri angapo. Thokozani panalibe. Mwa amene anatchulidwa munali mnyamata wa mudzi woyandikana ndi wa a Jailosi, mmodzi wa aja amati ali kudambwe, amene mapointi ake anali abwino kutalitali. Boma la Lilongwe linali ndi ana ake anzeru, ochuluka kuposa malo. Aliyense wodziwa kuyang'ana akanaona zimenezo. Koma a Sikelo ankanyoza anthu a kwawo kuposa mmene mlendo aliyense akanawanyozera, ndipo kunyozako ndiko ankakutcha kudziwa zam'kati. A Munthali anazimitsa wailesi, anapita kukaima panja pa mpanda, kumene mlonda sakanawaona nkhope.

Mungaganize kuti woyezayo anachita manyazi. Poyamba anati kudzatuluka mndandanda wachiwiri, adikire. Anadikira miyezi. Kenako anati cholakwika n'chakuti pa satifiketi panatsala dzina lakale, ndipo amene sanatsatire bwino malangizo ndi a Munthali. Pomaliza anauza anthu pabenchi kuti pali ana ena obadwa ndi tsoka, ngakhale uwanyamule pamsana sawoloka. Ndinakawapeza pakhonde pomwepo, pamaso pa makolo ena, n'kuwauza kuti ndi munthu wabodza amene sanaonepo ngakhale chitseko cha chipinda chosankhira maina, ndipo kuti ndinali nawo pa lole ija. Anauza anthuwo kuti a Mbewe ali ndi nsanje, chifukwa iwo palibe amene amadzawafunsa kanthu. Nkhaniyo inafika kwa akulu a mpingo. Ndinapita ndi faelo yanga, iwo anapita ndi tayi. Akulu anati tikhululukirane, tigwirane chanza. Ndinagwira dzanja limene lija loyezera. Linali lofewa ngati la khanda.

Chaka chotsatira Tiwonge anafunsiranso ku koleji ya aphunzitsi. Tsopano anali munthu mmodzi wa maina awiri, satifiketi ikuti Munthali, pepala la kulumbira likuti Phiri. Ankamubweza kuti akakonze, akakonza nthawi yatha. Posakhalitsa bambo ake anapuma ntchito, nyumba ya boma inabwezedwa, ndipo panali azing'ono ake ofuna fizi. Anaphunzira kutaipa, anapeza ntchito pa kampani ina ku City Centre monga Thokozani Phiri, chifukwa ndilo dzina limene linali ndi chidindo cha khoti. Anakwatiwa ndi dzina limenelo, ndipo wofunsidwa anali a Jailosi monga ananenera. A Munthali pa ukwati wa mwana wawo woyamba anakhala ngati mlendo wolemekezeka.

Choipitsitsa chinadza a Munthali atamwalira. Tinanyamula maliro kupita nawo ku Rumphi. Nkhani ya kulumbira ija inali itafika kale kumeneko, chifukwa a Jailosi sanali munthu wosunga chipambano mumtima. Poitana ana a malemu kuti akhale pafupi ndi bokosi, mlongo wa a Munthali, mayi wokalamba, anatambasula dzanja pamaso pa Tiwonge. Sanakalipe. Anangoti ana a Munthali ndi awa atatu, uyu analumbira yekha kuti ndi wa kwa Phiri, akhale ndi alendo ochokera ku Lilongwe. Tiwonge anadzakhala pafupi ndi ine pa mphasa ya alendo, ndipo bambo ake anawalira ali pamenepo. Titabwerako ndinawauza a Sikelo zimenezi. Anati miyambo ya kumpoto ndi yovuta, iwo ankadziwa kale.

Anakhala ndi moyo wautali, monga amachitira anthu osasowa tulo. Mayunivesite anachuluka, ana anayamba kuona okha zofunika pa mafoni, galimoto zinachepa pa kamsewu kaja. Komabe sipankasowa kholo limodzi kapena awiri, amene anamva zoona kwina konse ndipo sanazikonde. Maso atachita ng'ala ankayezabe. Ndinawaona ndi maso anga atagwira kapepala chadodolido, akukakweza ndi kukatsitsa, akufunsa mdzukulu wawo monong'ona kuti alendowa abwera pa chiyani. Za Tiwonge sanaiwale. Ankamutchula kawirikawiri: mwana wa bwana wamkulu wa ku Area 10 amene iwo anamukonzera mapepala. Mmene nkhaniyo inathera sankafikapo.

N'chifukwa chake adzukulu awo, pokonza mwambo wa maliro, anamufunafuna. Iwo alibe mlandu, anakula akumva mbali imodzi. Pa tsamba lachitatu la pepala lija analemba kuti m'malo mwa ana onse amene malemu anawathandiza, alankhula mayi Thokozani Phiri. Nditaona zimenezo ndinayesa kuti sabwera. Anabwera, mayi wa imvi tsopano, atavala chitenje cha amayi a mpingo, ndipo anakhala ndi anzake mpaka nthawi yake inakwana.

Woyendetsa mwambo anati, "Tsopano timve kwa mmodzi wa zipatso za bambo athuwa, mayi Thokozani Phiri."

Anaimirira, anapita kutsogolo osathamanga. Anapereka ulemu kwa abusa, kwa amfumu, kwa anamfedwa, monga mwa mwambo. Kenako anayang'ana bokosi.

"Dzina limene mwaitanalo anandipatsa ndi agona apawa. Ndalisenza nthawi yaitali, ndipo silinandifikitse kumene ankati lidzandifikitsa. Lero ndabwera kudzawabwezera, apite nalo. Ine ndine Tiwonge, mwana woyamba wa a Munthali a ku Rumphi. Ku yunivesite sindinapiteko. Ndinkafuna kukhala mphunzitsi. Zikomo."

Anabwerera pamalo pake. Woyendetsa mwambo anayang'ana pepala lake ngati lamuluma, kenako anapempha amayi kuti atipatse nyimbo. Pobalalika ndinamva amuna ena akuti si bwino kulankhula choncho pamaliro. Ena mwa iwo ndinawazindikira. Anakhalapo pa benchi ija zaka za m'mbuyomo, ndipo ana awo ndikudziwa kumene ali.

Ndinakumana ndi Tiwonge pa geti. Ndinamuitana monga amaitanira mwana wamkazi ku Rumphi, ndinati, "Nyamunthali, mwayenda bwanji?" Anandiyang'ana, anagwira dzanja langa ndi manja awiri. Nditafika kunyumba ndinatenga cholembera n'kukonza dzina lake pa tsamba lachitatu. Tsamba lachiwiri ndalisiya mmene lilili, ndangolumikizapo zimene mwawerengazi.

Sabata yatha zotsatira za Fomu 4 zatuluka, ndipo ndinapempha mdzukulu wanga kuti tidzere ku Area 4. Mpando wa ndalema aupinda, auimika kukhoma, nsalu yake yang'ambika pakati pamene pankakhala msana. Pa simenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inkadya pansi. Benchi ilipo, wina wayanikapo mbale. Pa kamsewu panalibe galimoto ngakhale imodzi, panalibe njinga, fumbi linali losapondedwa kuyambira pa geti mpaka pakhonde. Ana a chaka chino awerenga okha mapepala awo.